Zithunzi zanga zakwana 3 TB, ndizisunge kuti pa intaneti?

"Ndine wojambula zithunzi, ndili ndi kasitudiyo kanga ku Katoto kuno ku Mzuzu. Kwa zaka 9 ndakhala ndikujambula maukwati, zinkhoswe ndi magiraduweshoni, ndipo zithunzi zonse, za RAW (mafayilo aakulu osakonzedwa, monga atulukira m'kamera) ndi za JPEG zomwe, zakwana pafupifupi 3 TB. Zili pa ma external awiri (ma hard drive obaya ku USB), iliyonse ndi zake. Imodzi yayamba kulira kuti tiki-tiki ndikailumikiza, mwinanso kompyuta siyiiona n'komwe. Mnzanga wina akuti ndiike zonse pa Google Photos, wina akuti Dropbox. Intaneti yanga ndi ya mabandulo pa rauta. Ndisankhe iti, nanga indidyera zingati? Ndikuopa kuti tsiku lina kasitomala adzabwera kudzafuna zithunzi za ukwati wake ine n'kusowa chomuuza."

Achimwene, mwachita bwino kufunsa drive ija isanaferetu. Mtima ukhale m'malo, zambiri zingapulumuke. Koma tisanalowe m'nkhani ya makampani a pa intaneti, tiyambe ndi wodwala ali pamphasayo, chifukwa intaneti singakuthandizeni sabata ino.

Kulira kwa tiki-tiki nthawi zambiri kumatanthauza kuti kamkono kowerenga ka m'kati mwa drive kakulephera kupeza njira yake pa timbale tozungulira tija. Mukamaiyatsa pafupipafupi pofuna kuona ngati yachira, mukuiwonjezera mabala. Ichotseni, muiike pambali. Musaifomate ngakhale Windows ikupempheni kutero, musaiyendetse chkdsk (pulogalamu ya Windows yokonza disiki), musaitsegule ndi sikuludiraiva, ndipo zija amanena ena zoiika m'firiji zisiyeni, chinyontho chidzangoimaliza. Choyenera kuyesa n'chimodzi chokha: sinthani kachingwe ka USB ndi pobayira pake, poti nthawi zina drive imalira chifukwa moto ukuiperewera basi. Ikaonekera, khalani mutagula kale drive yatsopano, ndipo kopererani mafoda ofunika kwambiri poyamba, foda imodzi imodzi, kuyambira maukwati amene eni ake sanatenge zithunzi zawo. Ikayamba kuima kapena kulira kwambiri pakati pa ntchito, zimitsani. Apo ndiye pofunika munthu wodziwa kupulumutsa data, ndipo mumuuze kuti ayambe wajambula chifaniziro cha disiki yonse ndi pulogalamu ngati ddrescue asanayese china chilichonse. Akanena kuti angoifomata kaye kenako abweze zithunzi, tengani drive yanu muzipita.

Pa 3 TB yomwe ikukulirakulira, gulani ya 5 TB, ya mtundu waung'ono uja wotenga moto ku USB. Kuno magetsi amathima osatsanzika, ndiye drive yodya moto wa laputopu imapitiriza ntchito pamene ija yobaya kukhoma imazima pakati pa kulemba, fayilo n'kuwonongeka. Musadabwe ya 5 TB ikaoneka ngati 4.5 TB pa Windows, ndi kawerengedwe chabe. Pofomata, sankhani mtundu wa NTFS ngati muli pa Windows kapena APFS ngati muli pa Mac. Ya mtundu wina wotchedwa exFAT imasokonekera msanga ikazulidwa mwadzidzidzi. Ndipo mukaona fulashi kapena SSD yolembedwa 2 TB pamtengo wa memori khadi wamba, dziwani kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Zambiri zotere m'kati ndi zazing'ono, zimangolemba pamwamba pa zithunzi zakale mwakachetechete. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza drive yonse n'kuiwerenganso, kamaulula bodzalo.

Tsopano ku funso lanu. Anzanu awiri aja akutchulirani zinthu zabwino, koma zopangidwira ntchito ina. Pali kusiyana pakati pa sync ndi backup, ndipo anthu ambiri amene amataya zithunzi ali ndi akaunti yolipira amagwera pomwepa. Dropbox, Google Drive, OneDrive ndi iCloud zili ngati kalilole: chimene chachitika pa kompyuta yanu chimachitikanso kumwambako. Mwana wa pasitudiyo akafufuta foda molakwitsa, imafufutikanso uko. Vairasi ya ransomware ikatseka mafayilo anu, otsekedwawo ndi amene amakwera n'kulowa m'malo mwa abwino aja. Inde kuli bini, koma pa maakaunti wamba a Dropbox, Google Drive ndi OneDrive zinthu zimakhalamo masiku 30 okha. Foda ya ukwati wa 2018 simuitsegula mwezi ndi mwezi. Mudzazindikira kuti kulibe patatha chaka, mkwatibwi ataima pakhomo. Backup yeniyeni ili ngati nkhokwe: chimene mwathiramo chimakhalabe ngakhale m'nyumba mwapsa, ndipo imasunga ndi maonekedwe akale a fayilo iliyonse.

Google Photos ili ndi zake zina zoti wojambula azidziwe. Malo aulere opanda malire adatha pa 1 June 2021. Lero akaunti iliyonse ili ndi 15 GB zaulere zomwe Gmail, Drive ndi Photos zimagawana, kutanthauza kuti ukwati umodzi wa RAW sungakwanemo. Mukasankha njira yake yopulumutsa malo yotchedwa Storage saver, chithunzi chilichonse choposa 16 megapixel amachichepetsa n'kuchifinya, choncho chimene mudzatsitse si chimene chidatuluka m'kamera. Mafoda anu aja a chaka, mwezi ndi dzina la kasitomala sawasunga monga mudawakonzera. Tsiku lofuna kutulutsa zonse mudzadutsira ku Google Takeout, tsamba la Google lotsitsira zinthu zanu zonse, lomwe limakupatsani mulu wa mafayilo a zip, zina zokhudza chithunzi chilichonse zili padera m'timafayilo ta JSON. Ndi yabwino zedi pa zithunzi za pafoni za ana kunyumba. Ya ntchito ya zaka 9, ayi. Google Drive kapena OneDrive muzigwiritsa ntchito potumizira makasitomala zithunzi zawo zomaliza, pamenepo zimagwira bwino. Mudzamvanso za Amazon Photos yosunga zithunzi zopanda malire kwa olipira Prime, koma mwayi umenewo ndi wa maiko ochepa monga America, Britain ndi Germany. Flickr Pro nayo ilibe malire koma siilandira RAW.

Tisanatchule zoyenera inu, tiwerenge kaye masamu amene otsatsa malonda satchula, poti iwo amalembera anthu okhala ndi faiba m'nyumba. Lowani pa speedtest.net muone nambala ya upload (liwiro lokwezera), osati ya download (liwiro lotsitsira) imene imasangalatsa ija. Yesani m'mawa, madzulo ndi pakati pa usiku. Tinene kuti mwapeza 5 Mbps. Imeneyo imakweza pafupifupi 2.25 GB pa ola, kapena 54 GB ngati yagwira usana ndi usiku osaima. Gawani 3,000 GB ndi 54, mupeza masiku pafupifupi 56. Onjezani maola a magetsi othima ndi netiweki yogwa nthawi ya mvula, ikukwana miyezi itatu. Upload ikakhala 2 Mbps, 1 TB yokha ikufuna masiku 46. Kenako tengani bandulo yaikulu imene mumagula, muwerenge mtengo wa 1 GB, muchulukitse ndi 3,000. Mudzaona nokha kuti ndalama yaikulu pa nkhaniyi si ya kampani yosunga, ndi ya data. Mabandulo otchedwa unlimited nawo muwerenge malamulo ake, ambiri amachepetsa liwiro mukadutsa mlingo wina wake. Starlink, intaneti ya pa satelayiti yomwe idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, upload yake imakonda kukhala pakati pa 5 ndi 20 Mbps. Ngati simungaikwanitse nokha, kugwirizana ndi ofesi kapena mnzanu amene ali nayo kuti laputopu yanu izigona kumeneko kwa masabata angapo n'kotchipa kuposa kuwotcha mabandulo. Ulendo woyamba wokha ndi umene umapweteka, zotsatira ndi zowonjezera chabe.

N'chifukwa chake sindingakulangizeni kukweza zonse nthawi imodzi. Taonani ukwati umodzi wa Loweruka. Mwajambula zithunzi 1,500 za RAW, chilichonse pafupifupi 30 MB pa kamera ya 24 megapixel, ndiye 45 GB. Mwa zimenezo mwasankha 400, mwazikonza, mwatulutsa JPEG za 8 MB chilichonse, ndiye 3.2 GB basi. Kasitomala akadzabwera patapita zaka zisanu adzafuna 400 zija. Choncho gawani katundu wanu patatu. Gulu loyamba ndi JPEG zomaliza za ntchito zonse, pamodzi ndi katalogu ya pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, fayilo ija yothera ndi .lrcat, ndi timafayilo ta XMP tosunga zimene mwakonza pa chithunzi ngati mumatisunga. Katalogu anthu amaiiwala kawirikawiri, chonsecho ndi mmene muli thukuta lonse la kukonza mitundu ndi kudula zithunzi. Gulu limeneli pa 3 TB mwina silipitirira 300 GB, ndipo pa 5 Mbps likwera m'sabata imodzi. Gulu lachiwiri ndi RAW za zithunzi zosankhidwa zija, kuyambira za chaka chino kubwerera m'mbuyo. Gulu lachitatu ndi zotsala: zosawala, za anthu otsinzina, zisanu ndi zitatu zofanana za keke imodzi. Zimenezi zikhale pa ma drive okha, kapena muzifufute ndithu mukatsimikiza. Masiku awiri okhala pansi n'kupeta zithunzi angakupulumutseni mwezi wathunthu wa data.

Makampani opangidwira backup amene mungawaganizire ndi atatu.

Backblaze Computer Backup ndi yosavuta kuposa zonse. Mumalipira pafupifupi madola 99 pa chaka pa kompyuta imodzi ya Windows kapena Mac, malo alibe malire, ndipo imasunganso ma external olumikizidwa ku kompyutayo. Mumaiika kamodzi, imagwira yokha, intaneti ikaduka imapitirira pomwe idalekera. Msampha wake ndi uwu: imatsatira zimene zili pa kompyuta yanu panopa. Mwachizolowezi, drive imene simunailumikize kwa masiku 30 amaiona ngati mwaifufuta, ndipo zake zimachotsedwa kumwambako. Mungathe kutalikitsa nthawiyo kufika chaka chimodzi m'makonzedwe a Version History, ndipo ngati mwasankha Backblaze chitani zimenezo tsiku loyamba lomwelo. Kwa munthu amene ma drive ake akale amakhala m'dirowa, lamulo limeneli ndi loti lizikhala m'mutu nthawi zonse. Komanso mawu oti malire palibe asakukopeni kwambiri, malire anu enieni ndi upload ija tawerenga.

IDrive imagulitsa malo oyezedwa, monga 5 TB pamtengo woyandikira madola 100 pa chaka, ndipo mungalumikizeko makompyuta ndi mafoni angapo pa akaunti imodzi. Ubwino wake kwa inu ndi woti fayilo imene mwafufuta pa kompyuta siichotsedwa kumwambako pokhapokha inuyo mutalamula, ndiponso imasunga maonekedwe akale a fayilo mpaka 30. Mungalumikize drive ya 2017, ikwere, muibweze m'dirowa, zithunzi zikhalabe. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mtengo wa chaka choyamba umakhala wotsitsidwa kwambiri, wa chaka chachiwiri ndiye weniweni, choncho muwerengere umenewo. Ndipo mukadutsa malo amene mudagula amalipiritsa pa GB iliyonse yopitirira, motero muziyang'ana muyezo wanu.

Njira yachitatu ndi Backblaze B2, yomwe ndi nkhokwe yopanda kanthu imene mumalipira malinga ndi katundu amene mwaikamo, pafupifupi madola 6 pa TB pa mwezi. Gulu loyamba lija la 300 GB lingakudyereni madola osakwana 2 pa mwezi, koma 3 TB yonse ndi madola 18. Palibe chofufutika chokha. Kungoti pamafunika pulogalamu yokwezera monga rclone, Cyberduck kapena Arq, ndipo rclone imafuna munthu wosaopa kulemba malamulo pa kompyuta. Mukamagwiritsa rclone, lamulo la copy limangowonjezera, pamene la sync limafufuta kumwambako chilichonse chimene palibe pa drive yanu. Ambiri alirapo chifukwa cha mawu awiri amenewa. Mudzamvanso za Amazon Glacier Deep Archive, yotchipa zedi, pafupifupi dola imodzi pa TB pa mwezi. Kutulutsamo ndiye nkhani: mumadikira maola 12 kapena kuposa, n'kulipiranso pa GB iliyonse yotuluka. Isiyireni amene ali ndi munthu wa IT.

Mwa zitatuzi, kwa inu amene muli ndi ma drive akale ndi intaneti ya mabandulo, ine ndingasankhe B2 ngati muli ndi wina wokuikirani bwino poyamba, poti mumayamba ndi zochepa n'kumalipira zochepa. Ngati mukufuna chongodina ndi mausi, IDrive. Backblaze Computer Backup muiganizire tsiku limene mudzakhale ndi intaneti yokhazikika ndi drive imodzi yaikulu yokhala pa desiki nthawi zonse. Mitengo ndatchulayi imasintha, muitsimikize pa masamba awo musanalipire.

Nkhani ya kulipira ndi yaikulu kwa ife kuno kuposa mmene olemba a kunja angaganizire. Makampani onsewa amafuna khadi la Visa kapena Mastercard lotha kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipo, khadi likhoza kudutsa mwezi uno n'kukanidwa mwezi wamawa. Mtengo uli m'madola, choncho kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu yanu imakwera tsiku lomwelo. Funsani ku banki yanu malire a khadi lanu pa zolipira kunja. Kumene kuli kotheka lipirani chaka chonse kamodzi, mulembe tsiku lothera pa kalendala ya pasitudiyo, muyambe kukonzekera kutatsala mwezi. Malipiro akalephera, kampani iliyonse ili ndi nthawi yake yodikira isanafufute zinthu, ndipo machenjezo amabwera pa imelo, choncho ikhale imelo imene mumatsegula tsiku ndi tsiku. Ngati m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK ndi amene akulipirirani, akaunti ikhale ya imelo yanu, iye angoikapo khadi. Ubale ukadzazizira, zithunzi za makasitomala anu zisadzakhale m'manja mwa munthu wina. Ndalamayi musaione ngati yotuluka m'thumba mwanu: igaweni pa maukwati a chaka chonse muiphatikize pa mtengo, ndipo mumuuze kasitomala kuti zithunzi zake mumazisunga zaka zingati.

Makampani nawo amasintha maganizo. CrashPlan idatseka backup ya anthu wamba mu 2018. Amazon Drive idatsekedwa kumapeto kwa 2023. Microsoft idachotsa malo opanda malire pa OneDrive italengeza mu 2015. Google imati akaunti yosagwiritsidwa ntchito kwa zaka ziwiri ikhoza kufufutidwa. Pa zonsezi anthu adapatsidwa nthawi yosamuka, koma kusamutsa 3 TB ndi intaneti yathu si ntchito ya sabata imodzi. Choncho kope la pa intaneti likhale lachitatu, osati lokhalo. Ojambula amatchula lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi lili kutali ndi enawo. Kwa inu zikutanthauza drive yogwirira ntchito pasitudiyo, drive ina yofanana nayo yosungidwa kwina, ndi intaneti. Yachiwiriyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, wakuba amanyamula chikwama chonse. Ikhale kunyumba ku Chibavi kapena kwa achibale ku Ekwendeni, muziitenga kamodzi pa mwezi kudzawonjezera zatsopano. Pulogalamu yaulere ya FreeFileSync imachita zimenezi bwino, musankhe Update m'malo mwa Mirror kuti isafufute kanthu. Ndi chinyontho cha Mzuzu chija, chimene chimameretsa nkhungu ndi m'malensi momwe, isungeni m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, ndipo kukamachita ziphaliwali zulani zonse kukhoma. Miyezi itatu iliyonse tsegulani pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone thanzi la ma drive. Ikalemba Caution mwachikasu, makamaka pa reallocated kapena pending sectors (timalo ta disiki toyamba kuwonongeka), yambani kusaka ina ngakhale ikuoneka ngati ikugwira bwinobwino.

Pali chizolowezi china chaching'ono chimene chimapulumutsa maukwati ambiri: memori khadi isafomatidwe mpaka zithunzi zake zitakhala pa ma drive awiri. Ngati kamera yanu ili ndi malo a makhadi awiri, iuzeni izilemba pa onse nthawi imodzi.

Za chitetezo. Zithunzi izi ndi nkhope za anthu, ana awo ndi m'nyumba zawo, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza data ya anthu la 2024. Ikani pasiwedi yaitali imene simuigwiritsa ntchito kwina, ndipo yatsani chitseko chachiwiri cholowera, kutanthauza nambala yapadera imene amakufunsani mukalemba pasiwedi. Pulogalamu ya pafoni yotulutsa nambala imeneyi, yotchedwa authenticator, ndi yodalirika kuposa SMS, poti SIM ikatayika kapena ikatsekedwa mumatsala panja. Manambala opulumukira amene amakupatsani poyatsa, alembeni papepala muwasunge pamodzi ndi zikalata za nyumba. Backblaze ndi IDrive zimalolanso kuika kiyi yanuyanu ya encryption, yotsekera mafayilo, kuti ngakhale iwowo asathe kuona zithunzi. Ndi chinthu chabwino, koma mukaiiwala kiyi imeneyo palibe angakutsegulireni, ngakhale kampaniyo. Muiike pokhapokha mutailemba malo awiri. Makasitomala muziwatumizira linki ya foda yawo yokha, ndipo muziitseka pakapita mwezi.

Gulu loyamba likangomaliza kukwera, yesani kubweza. Sankhani foda ya ukwati wakale, muitsitse pa kompyuta ina, muwerenge ngati mafayilo akwana, mutsegule zithunzi khumi, kuphatikizapo RAW imodzi ngati ilimo. Mudzadziwa ngati pasiwedi ndi kiyi zikugwira, ndiponso mudzaona kuti kutsitsa 10 GB kumatenga nthawi yaitali bwanji pa intaneti yanu. Kawirikawiri apa ndi pamene anthu amatulukira kuti pulogalamu idangosunga foda ya Pictures ya pa C, ma external osawakhudza, kapena kuti idaima miyezi inayi yapitayo chifukwa drive idasintha chilembo kuchoka pa E kupita pa F. Vuto lachiwirili mungalipewe popatsa drive iliyonse chilembo chake chokhazikika mu Disk Management, monga X ndi Y. Bwerezani kuyesaku miyezi itatu iliyonse.

Drive yolira ija ikakana kuonekera ngakhale mwasintha chingwe, ndipo muli ntchito zimene mulibe kwina kulikonse, musaipereke kwa aliyense wokonza mafoni. Kutsegula hard drive kumafuna chipinda chopanda fumbi ndi zida zake, ndipo ntchito zotere zambiri zimatumizidwa ku South Africa pamtengo wokwera. Musanatulutse ndalama imeneyo, lembani mndandanda wa zimene zinali m'menemo, muyang'ane m'makhadi akale, mu laputopu, m'maimelo ndi m'malinki amene mudatumizira anthu. Makasitomala ambiri adakali ndi mafulashi ndi ma CD amene mudawapatsa, ndipo mukawapempha mwaulemu adzakubwerekani kuti mukopere.